Madzi a M'miyendo ya Adada

Ndine namwino wapakamwa, ndipo sindibisa. Amene anagonapo mu wodi ya abambo pa chipatala chomwe ndinkagwirako ntchito ku Mzimba akhoza kundiikira umboni. Wodwala akandinamiza kuti wamwa mankhwala, ndinkamuuza kuti ayasamule, atukule lilime. Akuluakulu a ndevu zawo ndinkawafunsa mosaphethira kuti akodza kangati chiyambire m'mawa, ndipo akayamba kuyang'ana kudenga ndinkangosolola chigubu cha pansi pa bedi n'kudzionera ndekha. Koma pali wodwala mmodzi amene pakamwa pangapa panandithera, ndipo ameneyo anali apongozi anga aamuna.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Ndinakwatiwa ndi mwamuna wa m'mudzi wina kufupi ndi Embangweni, ndipo tsiku limene ndinafika pamudzipo azilamu anga anandikhazika pamphasa n'kundiyalira malamulo. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana, sayang'ana apongozi aamuna kumaso, sadya nawo pamodzi, salowa kuchipinda kwawo, ndipo thupi lawo salikhudza. Ndinkawaitana kuti adada ngati aliyense wa pamudzipo, iwo n'kumanditcha kuti mama. Kwa zaka khumi ndi ziwiri kucheza kwathu kunali moni ndi nkhani ya mvula, ine nditagwada chapatali, iwo akuyang'ana kumbali. Musaganize kuti tinkadana. Ankandikonda, ndipo chikondi chawo chinkafika ku tauni pa kaliyala ya njinga: thumba la mtedza, uchi wa m'botolo, nkhuku yomanga miyendo, nthawi zonse ndi uthenga woti izi n'za mama, wina asakhudze.

Chaka chomwe anadwala anali atangomaliza kusankha fodya. Miyendo inatupa mpaka nsapato zinakana kulowa, ndipo akagona chagada ankabanika. Atabwera nawo kuchipatala, adokotala anapeza kuti mtima wafooka, sukupopa magazi mokwanira, ndiye madzi ankadikha m'miyendo ndi m'mapapo. Anawagoneka mu wodi yanga yomwe. Ndinapempha mnzanga wamwamuna kuti bedi limenelo likhale lake, ine ndinkangodutsa chapatali n'kumawerenga faelo mobisa. Atapezako bwino anawatulutsa ndi mapiritsi okodzetsa, ndipo banja linagwirizana kuti akhale kaye kwathu ku tauni mwezi umodzi, pafupi ndi chipatala. Anabwera ndi apongozi aakazi, amene ndinkawatcha amama. Amuna anga ankagwira ntchito ku Champhira, ankangobwera Lachisanu madzulo, choncho sabata yonse m'nyumbamo tinkakhala atatu.

Piritsi lokodzetsa ndi laling'ono, loyera, lonyozeka. Umamwa m'mawa, ola lisanathe umayamba ulendo wa kuchimbudzi, ndipo umapitabe mobwerezabwereza mpaka cha m'masana. Kupereka piritsilo si ntchito. Ntchito ndi kulondera munthuyo. Madzi akatuluka ochepa, amabwerera m'mapapo n'kumutsamwitsa. Akatuluka ochuluka, munthu amauma, bipi imatsika, impso zimavutika, ndipo mchere wa m'magazi wotchedwa potaziyamu umathera mumkodzo mpaka mtima kuyamba kudumphadumpha. Ndiye namwino amayeza kulemera kwa wodwala m'mawa uliwonse, amadina msongolo ndi chala kuti aone ngati patsale kadzenje, amafunsa za mkodzo. Zonsezi ndinkazichita kwa anthu osawadziwa tsiku ndi tsiku. Kwa adada panalibe ngakhale chimodzi chomwe mwambo ukanandilola.

Ndinaganiza zosandutsa amama kukhala manja anga. Sikelo sinawavute konse, poti mayi amene wagulitsa chimanga ndi nyemba moyo wake wonse simungamupusitse pa nambala. Ndinawaphunzitsa kudina msongolo pa mwendo wanga, iwo akuseka kuti sukulu yawapeza ku ukalamba. Ndinawapatsanso kachingwe koti azizunguliza pa akakolo a adada, ndipo tinamanga mfundo pamene kanakumana tsiku loyamba. M'mawa uliwonse ankabwera kukhitchini kudzandiuza nambala ya pa sikelo ndi kundionetsa pomwe chingwe chafika, ine n'kulemba m'kope.

Sabata yoyamba zinayenda ngati kuti tinachita kupangana. Ndinkachoka m'mamawa kupita kuntchito, amama n'kuwapatsa piritsi, ndipo pobwera madzulo ndinkawapeza adada akuyendayenda pabwalo ndi ndodo yawo. Nambala inkatsika pang'onopang'ono monga mmene timafunira, chingwe chinayamba kutsalira. Ndinakondwa, ndipo ndinadzitama ndithu. Kenako ndinaganiza kuti ngati zikuyenda chonchi ine kulibe, nanga nditakhalapo? Ndinapempha tchuthi cha masabata awiri kuti ndiwasamale ndi manja awiri, anthu a kumudzi asadzanene kuti mwana wawo anakwatira namwino pachabe.

Ndinalowa m'khitchini ngati munthu wolipiridwa. Ndiwo zopanda mchere, phala la m'mawa, nthochi ziwiri pambale, madzi akumwa oyeza ndi kapu imodzi yomweyo. Piritsi ndinkaliika pa sosa n'kuwapatsa amama kuti akapereke. M'mawa wonse ndinkakhala mmenemo, chitseko chili chotsegula kuti ndizimva akafuna kanthu.

Tsiku lachitatu la tchuthi nambala inakwera. Lachinayi inakweranso. Pofika lachisanu anali atawonjezera makilogalamu awiri, ndipo chingwe sichinkafikanso pa mfundo ija. Kuyenda pabwalo kunatha. Masana akakhala pakhonde ndinkamva kupuma kwawo ndili m'nyumba, kolemera, kwa munthu amene wakwera chitunda.

"Amama, kodi adada akupeza bwanji?"

"Ali makora, mwana wane."

Tsiku lililonse yankho linali lomwelo, loti ali bwino. Ine ndinayamba kufufuza wolakwa. Ndinakayikira mchere, mpaka ndinabisa paketi yake pamwamba pa kabati, poganiza kuti amama akumawathirira mobisa chifukwa chowamvera chisoni. Ndinayang'ana tsiku lothera mphamvu pa botolo la mankhwala. Ndinawerenga mapiritsi otsala, anali okwanira ndendende. Ndinafika poganiza zokapempha adokotala kuti awonjezere mlingo wa mankhwala, ndipo mantha anandigwira kuti mwina mtimawo ukungofooka basi, adada atsikira kuli chete ali m'manja mwanga.

Nyumba yomwe tinkachita lendi inali ndi chimbudzi chamadzi chamkati, ndipo chitseko chake chinayang'anizana ndi cha khitchini. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndikutsuka mbale cha m'ma leveni koloko, ndinangoima ndi siponji m'manja. Chitseko cha chimbudzi chija chinali chisanatsegulidwe chiyambire m'mawa. Ndinakumbukira dzulo lake ndi dzana, chimodzimodzi. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma munthu amene wamwa piritsi lokodzetsa seveni koloko sangafike leveni asanachitsekule ngakhale kamodzi. Ine amene ndimawerengera anthu mikodzo kuntchito, ndinakhala masiku asanu ndi limodzi pafupi ndi chitseko chimenecho osaona kanthu.

Ndinawakokera amama kuseri kwa nyumba, poyanika zovala.

"Amama, ndapota, ndiuzeni zoona. Adada akumeza mapiritsi aja?"

Anayang'ana pansi, kenako anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, akuseka ndi manyazi omwe.

"Mwana wane, imwe mwaphunzira chomene, kweni ichi chokha chakudutsani. Munthu wamkulu angadutse pamaso pa mkamwana kasanu, kakhumi, kupita kumene kuja? Ndiye akamaliza madzi aja alire, nyumba yonse imve kuti adada anali kuti? Soni, mama, manyazi. Akuti bola atupe."

"Nanga mapiritsiwo akupita kuti?"

"M'thumba la jekete. Akuti mankhwala satayidwa."

Anandiuzanso kuti ngakhale madzi amene ndinkayeza aja adada sankamaliza, ndipo kuchimbudzi ankapita m'bandakucha ine ndisanadzuke, kapena ndikapita kumsika. Sabata yoyamba ija zinkayenda chifukwa ndinkakhala kuntchito. Tchuthi changa, chimene ndinachitenga ndi mtima wonse, ndicho chinkawatupitsa.

Poyamba ndinapsa mtima. Ndinkafuna kupita pakhonde paja n'kukawauza mmene ndimauzira a mu wodi, kuti ulemu sunachiritsepo mtima wa munthu. Koma mkwiyowo sunakhalitse. Ndinaganiza za nkhalamba imeneyi itakhala pampando m'mawa wonse, ikubanika, ikusankha kutupa kusiyana ndi kundichititsa manyazi, ndipo ndinalira pomwepo pakati pa zovala zonyowa. Safunsa anadya phula, ndipo phulalo ndinalidya ndine. Amama anandisisita pamsana n'kunena kuti ndisalire mokweza, adada angamve.

Mawa lake ndinavala yunifolomu, ndinanyamula chikwama, ndipo ndinaima pakati pa nyumba n'kulankhula mokweza kuti a pakhonde amve.

"Amama, andiitana kuntchito, anthu achepa. Ndizichoka m'mamawa, ndizibwera dzuwa lili paliwombo. Adada azimwa piritsi limodzi ndikangotuluka."

Kuntchito kunalibe amene anandiitana. Ndinkapita kwa mnzanga wosoka zovala kufupi ndi msika, n'kukakhala pa benchi ya pakhonde pake, ndikumusomekera mabatani. Odutsa ankadabwa kuona namwino wa yunifolomu yoyera akulimbana ndi singano ya telala, ndipo mayi wina anabwera kudzandionetsa zidzolo za mwana wake pomwepo. Ndinkayang'ana wotchi mpaka thwelofu, kenako n'kubwerera.

Ndinadziona wochenjera, koma ndinaiwala chinthu chimodzi chimene namwino wa chaka choyamba sakanaiwala. Sindinaitanitse mapiritsi a m'jekete aja.

Tsiku loyamba nambala inatsika, ndinayamika Mulungu. Lachiwiri inatsika kwambiri, ndinati mwina ndi madzi aja anadzadza. Lachitatu m'mawa amama atandiuza nambala, ndinawapempha kuti akabwereze kuyeza. Inali yomweyo. Munthu satsika chonchi ndi piritsi limodzi. Amama ananenanso kuti adada akudandaula kuti minofu ya m'miyendo ikukokana ndipo akadzuka akumaona mdima. Ndinawauza kuti lero asawapatse piritsi, ndikakonze zoti masana tikayezetse magazi. Sindinadziwe kuti a m'jekete aja adada anali atawamwa kale ndi tiyi.

Ndikubwera masanawo, nditangotsegula geti, adada anandiona. Monga mwa chizolowezi chawo anadzuka pampando kuti alowe m'nyumba, andipatse njira. Anaima, anagwira m'mwamba ngati akufuna chogwirira, kenako anagwa chammbali pasimenti.

Sindikumbukira mmene ndinafikira pakhondepo. Ndinangozindikira kuti dzanja lawo lili m'manja mwanga, ndikufunafuna kugunda kwa mtima. Kunali kofooka, kothamanga, kukudumpha malo ena. Ndinawatembenuza chagada, ndinakoka mpando n'kukweza miyendo yawo, ndinapinda thalauza mpaka m'mawondo. Miyendo ija inali itaphwa, khungu litachita makwinya. Ndinatsina khungu la pamkono, linangoima osabwerera. Kumbuyo kwanga ndinamva amama akuti, "Mama! Mama, yayi!" koma mawu a mu wodi anali atatuluka kale.

"Adada! Tsegulani maso! Ndiyang'aneni kuno! Yasamulani, ndione lilime!"

Anatsegula maso. Aka kanali koyamba kuwaona pafupi chikwatiwire changa, ndipo ndinapeza kuti ndi maso a amuna anga enieni, ofiirira, okhala ngati akupepesa. Lilime linali louma gwa.

"Mwamwa angati lero?"

"Atatu, mama," anayankha motsitsa. "Dzulo atatu. Dzana awiri."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinamva kuti munalira. Ndimati ndimalize aja ndinasunga, madzi achoke msanga, madokotala asakunyozeni kuti mwalephera kusunga wodwala."

Nthawi yoliranso panalibe. Ndinathamangira kwa aneba amene anali ndi galimoto, tinawanyamula, ine nditagwira kumutu.

Magazi anaonetsa zomwe ndinkaopa. Potaziyamu anali atatsika, impso zinali zitayamba kudandaula. Anawaika diripi yoyenda pang'onopang'ono, poti mtima wofooka ukauthira madzi mothamanga umamiranso. Ulendo uno bedi limenelo sindinapatse munthu wina. Ndinkawayeza bipi atagona, atakhala, ataima. Ndinkamvetsera m'chifuwa mwawo ngati madzi akubwerera. Chigubu cha mkodzo ndinkayeza ndekha n'kulemba. Iwo ankangotsinzina nthawi yonseyo. Adokotala atafunsa kuti zinatheka bwanji munthu wokhala ndi namwino m'nyumba kumwa mapiritsi atatu, ndinawauza zoona kuti wolakwa ndine, ndinasiya mankhwala m'thumba la wodwala. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Patatha masiku anayi tinabwerera kunyumba. Amuna anga anagwirizana ndi eni nyumba, anakumbitsa chimbudzi chakunja kuseri, kumene munthu akanapita osadutsa pakhitchini. Vuto limenelo linatha msanga. Lomwe linandisowetsa mtendere linali lina. Ndinali nditawagwira apongozi anga, nditawavula miyendo, nditawakalipira pamaso pa akazi awo ndi aneba. Kuchipatala ndikanati inali ntchito, koma pakhonde paja panali pakhomo. Amama sankandiyang'ana bwino, ndipo ine ndinabwerera kukhitchini kwanga ndi kope langa, ndikudikira kuti mwina anena zoti abwerere kumudzi mwezi usanathe. Ndinkadziwa kuti akapita ali chonchi, popanda wowalondera, sitidzawaonanso akuyenda.

M'mawa wachiwiri amama anabwera opanda chingwe.

"Adada akukuitanani."

Ndinapukuta manja, ndinamanga bwino chitenje, ndinapita n'kukagwada pakhomo. Adada anali pampando wawo, mwendo umodzi atausanjika pa kampando kakang'ono, thalauza atapinda okha mpaka pabondo. Nkhope yonse anali ataivundikira ndi chipewa chawo cha kutchalitchi. Mawu anatulukira pansi pa chipewacho.

"Mkamwana wane ali kukhitchini, ine sindikumuona. Amene wabwera apa ndi anesi. Anesi, gwirani ntchito yanu."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Amama anathawira kuseri, mapewa akugwedezeka. Ndinasendera pafupi ndi mawondo, ndinadina msongolo, ndinawerenga mpaka kasanu, ndinachotsa chala. Kadzenje kanali kakang'ono, kanabwerera msanga.

"Mwakodza kangati chiyambire m'mawa, bambo?"

Yankho linatulukira pansi pa chipewa.

"Katatu, anesi."

"Chizungulire?"

"Palije."

"Mwamwa mapiritsi angati?"

"Limodzi pera. Jekete mukhoza kusecha."

Ndinasechadi. Munali mpango ndi kabuku ka nyimbo.

Kuyambira tsiku limenelo ndi mmene tinkachitira. Mwezi utatha anabwerera kumudzi ndi sikelo yanga ndi chingwe chatsopano, amama ali namwino wamkulu. Ndinkapitako pakatha masabata awiri kapena atatu, ndi makina a bipi m'chikwama. Ndikafika ndinkayamba ndagwada chapatali n'kupereka moni wa mkamwana, iwo akuyang'ana kumbali. Kenako ankaitanitsa chipewa. Pansi pa chipewa chimenecho ndinamva zinthu zimene zaka khumi ndi ziwiri sizinandiuze. Ankadandaula kwa anesi kuti ndiwo zopanda mchere n'chilango chosayenera munthu wopemphera. Ankawauza anesi kuti pa maliro ndi pa misonkhano ya mpingo piritsi limawavutitsa, ndipo tinagwirizana kuti masiku amenewo azimwa akangobwerako m'malo molidumpha. Tsiku lina anawauza anesi kuti ali ndi mkamwana wochokera ku Dowa, wolongolola pang'ono, koma sangamusinthanitse ndi khola la ng'ombe. Anesi anayankha kuti akamuuza.

Anakhala zaka zitatu zina, anaona zidzukulu ziwiri zikubadwa, analimanso fodya kawiri ngakhale ndinkaletsa. M'chaka chachitatu mtima unatopa. Adokotala anawonjezera mankhwala, anasintha ena, koma madzi anasiya kumvera. Adada anakana kugonekedwanso, anati akufuna kukhala pakhomo pawo.

Ulendo womaliza ndinawapeza pakhonde la kumudzi, atatsamira mapilo atatu chifukwa kugona pansi kunali kutakanika. Amama anawaika chipewa kumaso, poti manja awo sankafikanso. Ndinanyamula mwendo n'kuuika pamiyendo panga. Unali wolemera, wozizira, wonyezimira. Ndinadina, chala chinalowa, ndipo nditachichotsa dzenjelo linangokhala. Ndinamvetsera m'chifuwa, madzi anali atakwera mbali zonse ziwiri.

"Anesi, mwapeza vichi?"

Ndinangoyang'ana dzenje lija.

Kenako anapukusa mutu pang'onopang'ono mpaka chipewa chinatsetsereka n'kugwera pansi. Amama anawerama kuti achitole, koma adada anawaletsa ndi chala. Anandiyang'ana kumaso, osathawitsa maso.

"Mbwenu anesi apite, agwira ntchito yawo. Yewo chomene. Pano pakhale mwana wane."

Ndinavula choyezera cha m'makutu n'kuchiika m'chikwama. Ndinakhala pomwepo, mwendo wawo uli pamiyendo panga, ndikuwasisita phazi mpaka anagona tulo.